Situdiyo ya ku Kasungu imene idandisindikizira zithunzi za Mary Cassatt

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndidatsegula sukulu ya mkaka kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Kasungu, ndipo chaka chino, zipinda zake ziwiri zitapakidwa laimu watsopano, ndidafuna kuti pakhoma pakhale china choti ana aziyang'ana kuwonjezera pa matchati a zilembo ndi manambala. Ndidasankha zithunzi zitatu za mayi wina wojambula wa ku America, Mary Cassatt, amene adakhala mbali yaikulu ya moyo wake ku France, ndipo ndidapita nazo ku situdiyo ina ya pa boma pano kuti akandisindikizire pa pepala lalikulu ndi kuziika m'mafulemu. Ndikulemba kuti ndifotokoze momwe ntchitoyo idayendera, chifukwa aphunzitsi anzanga angapo amene adaona zithunzizo akhala akundifunsa kumene ndidazipangitsa ndiponso ngati malowo ndi odalirika. Dzina la situdiyoyo sinditchula, popeza ndinenanso zimene sizidandikondweretse, ndipo sindifuna kuti cholakwa cha tsiku limodzi chidetse mbiri ya anthu amene pamapeto pake adandigwirira ntchito yabwino.

Mayi Cassatt ndidawadziwa kudzera pa kalendala yakale imene idali pakhoma m'nyumba ya masisitere pa sukulu ina ya mishoni komwe ndidayambira ntchito. Tsamba la mwezi wina lidali ndi chithunzi cha mayi atakhazika mwana pamiyendo akumusambitsa mapazi m'beseni, ndipo chaka chitatha ndidapempha tsambalo n'kulisunga m'sutikesi mpaka chiswe chidalipeza. Chimene chidandigwira mtima pa chithunzicho ndi manja a mayiyo. Dzanja lina lagwira mwana m'chiuno molimba kuti asaterereke, lina likusisita kaphazi m'madzi, ndipo onse awiri, mayi ndi mwana, aweramira pa beseni ngati kuti padziko palibenso ntchito ina. Aliyense amene adasambitsapo mwana wa zaka zitatu madzulo amadziwa kagwiridwe kameneko. Patapita zaka zambiri, mwana wanga wamkazi atandiphunzitsa kufufuza zinthu pa intaneti, m'pamene ndidadziwa kuti chithunzicho dzina lake ndi The Child's Bath, kuti chidajambulidwa mu 1893, ndipo chimasungidwa ku Art Institute of Chicago, nyumba yosungiramo zojambula ya ku America.

Mayi Cassatt adabadwa pa 22 Meyi 1844 ku Allegheny, dera limene lero ndi mbali ya mzinda wa Pittsburgh m'chigawo cha Pennsylvania, m'banja lopeza bwino. Adayamba kuphunzira zojambula ali mtsikana ku Pennsylvania Academy of the Fine Arts mumzinda wa Philadelphia, koma sadakhutire ndi kaphunzitsidwe ka kumeneko, ndipo mu 1866 adapita ku Paris ngakhale kuti bambo awo sadafune kuti mwana wawo wamkazi atenge kujambula ngati ntchito. Pa nthawiyo sukulu yaikulu ya zojambula ya ku Paris, École des Beaux-Arts, sinkalandira akazi, choncho adakaphunzira mwapadera kwa katswiri wojambula Jean-Léon Gérôme, ndipo masiku ambiri ankakhala mu Louvre, nyumba yaikulu yosungiramo zojambula ya ku Paris, akukopera zithunzi za akatswiri akale. Mu 1868 chithunzi chawo chidalandiridwa ku Salon, chionetsero chachikulu chimene chinkatsegula kapena kutseka njira ya wojambula aliyense ku France. Nkhondo ya France ndi Prussia itabuka mu 1870 adabwerera kwawo, koma mtima sudakhazikike. Kumapeto kwa 1871 adawolokanso nyanja, adakhala ku Parma m'dziko la Italy, kenaka ku Spain, ndipo mu 1874 adakhazikika ku Paris. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mlendo ameneyu adakhala ku France zaka zoposa 50 mpaka adaikidwa m'manda komweko.

Situdiyo ndikunenayi ndi ya chipinda chimodzi chachikulu ndi kakhonde, ndipo ili pakati pa mashopu a kufupi ndi msika. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kujambula zithunzi za ziphaso, kukuza zithunzi za ukwati ndi za chinkhoswe, kusindikiza makadi oitanira anthu ku zisangalalo, ndi kuika masatifiketi m'mafulemu. Adandiuza kuti pa nyengo ya malonda a fodya, alimi akamachokera ku Chinkhoma, khonde limadzaza ndi anthu ofuna kukuza chithunzi cha banja. Mwini wake ndi bambo wachikulire wodekha amene amakhala pa kauntala, pa kompyuta pamakhala mnyamata wachangu kwambiri, ndipo mafulemu amakhoma ndi kalipentala wina amene ali ndi kashedi kuseri. Adandilandira mwaulemu, adandipatsa mpando, ndipo ngakhale kuti padali anthu anayi patsogolo panga, palibe amene adadumphitsidwa pamzere.

Chinthu choyamba chabwino chidachitika ndisanalipire kalikonse. Zithunzizo ndidapita nazo pa foni, mwana wanga atanditumizira pa WhatsApp, ndipo mnyamatayo atazitsegula pa kompyuta adazikuza n'kundionetsa kuti nkhope ya mwana wosamba uja yasanduka timabokosi. “Amayi,” adatero, “izi tikazikuza kufika pa A3 mungotaya ndalama zanu, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi ikamatumiza.” Akadafuna akadangosindikiza n'kulandira ndalama, chifukwa ine sindikadadziwa gwero la vutolo. M'malo mwake adandipempha kuti ndimulembere maina a zithunzizo, ndipo tidafufuza limodzi mpaka tidapeza kuti Art Institute of Chicago komanso National Gallery of Art ya ku Washington amalola aliyense kutenga kwaulere, pa masamba awo a pa intaneti, zithunzi zooneka bwino za zojambula zakale zimene nthawi ya umwini wake idatha. Ziwiri zinazo, Little Girl in a Blue Armchair ndi The Boating Party, zili ku Washington komweko. Bandulo ndidagula ndine, koma nthawi imene mnyamatayo adataya pa ntchitoyi sadandilipiritse. Mphunzitsi aliyense wofuna zithunzi zoterezi ayambire pamenepa, asadalire zongotumiziridwa pa foni.

Patapita masiku awiri ndidapita kukaona zosindikizidwazo zisanalowe m'mafulemu, ndipo ndimathokoza kuti ndidaumirira kuziona kaye, chifukwa mtima udandiwawa nditazitambasula. Chithunzi cha mwana wosamba chidali chitadulidwa. Chenichenicho ndi cha pafupifupi mita imodzi kutalika ndi masentimita 66 m'lifupi, pamene pepala la A3 ndi la masentimita 42 ndi pafupifupi 30, kotero kuti maonekedwe a ziwirizi sagwirizana. Pofuna kudzaza pepala lonse mpaka m'mphepete, monga amachitira ndi zithunzi za ukwati, mnyamatayo adachotsa kachigawo ka pansi, ndipo tsinde la jagi ya madzi imene ili pakona lidapita, nalonso beseni lidaoneka ngati likugwera kunja kwa chithunzi.

Wina anganene kuti jagi ndi nkhani yaying'ono, koma pa ntchito ya Mayi Cassatt palibe malo otsala oti munthu n'kudulapo. Mu 1890 ku Paris kudachitika chionetsero chachikulu cha zithunzi zosindikizidwa za ku Japan, ndipo iwo adachita nazo chidwi chachikulu. Kwa ojambula a ku Japan adatengako kuyang'ana chinthu kuchokera pamwamba, kuyandikiza anthu mpaka adzaze chithunzi chonse, ndi kuika pamodzi nsalu za mizere ndi za maluwa mosaopa kuti zisokoneza maso. Mu The Child's Bath timaona mayi ndi mwana ngati kuti taimirira pambali pawo tikuyang'ana pansi. Diresi ya mayiyo ndi ya mizeremizere, kapeti ili ndi zojambula zake, kumbuyo kuli maluwa, ndipo pakati pa zonsezi thupi la mwana, beseni ndi jagi ndizo zimapumitsa maso. Diso limayambira pa mitu iwiri imene yagundana, limatsika ndi mkono wa mayi ndi miyendo ya mwana mpaka m'madzi, kenaka limakaima pa jagi. Mukadula jagiyo ndiye kuti ulendo wa diso mwauchotsera pofikira. Wojambulayo adayeza kale pamene chithunzi chiyenera kuthera, ndipo wosindikiza sayenera kuyezanso kachiwiri.

Vuto lachiwiri lidali lalikulu kuposa loyambalo, ndipo lidaonekera kwambiri pa chithunzi cha kamtsikana ka pa mpando wa buluu. Mnyamatayo, ndi cholinga chabwino ndithu, adachikonza monga amakonzera nkhope za akwati: adawonjezera kuwala, adakoleza mitundu, ndipo adasalaza timizere timene iye adationa ngati zipsera. Kenaka adasindikiza pa pepala lonyezimira. Mipando imene pa chithunzi chenicheni ili ndi buluu wamitundumitundu, pena wopita ku wobiriwira, pena wakuda, pena wokhala ndi madontho a mitundu ina, idatuluka ndi buluu mmodzi wosalala ngati ndowa ya pulasitiki. Timizere timene adasalazato ndi mapazi a burashi, ndipo ndi pamenepo pamene pagona luso la gulu la ojambula otchedwa ma Impressionist. Iwo sankabisa burashi. Ankaika penti mwachangu, mtundu pambali pa mtundu, kuti diso la woonera lisakanize lokha ali chapatali, ndipo mthunzi sankaupaka ndi penti wakuda yekha koma ankaufunira mtundu wake, chifukwa adazindikira kuti kuwala kumasintha maonekedwe a chinthu ola ndi ola.

Kuti Mayi Cassatt afike pa kajambulidwe kameneka padali mtengo wake. Mu 1877 oweruza a ku Salon adakana zithunzi zonse zimene adatumiza, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene wojambula wa ku France, Edgar Degas, adawaitana kuti azionetsa ntchito zawo pamodzi ndi gulu la ojambula amene adatopa ndi oweruzawo n'kuyamba zionetsero zawozawo mu 1874. Dzina loti Impressionist lidayamba ngati lonyoza, lochokera pa chithunzi china cha Claude Monet cha kutuluka kwa dzuwa pa doko. Mayi Cassatt adavomera, ndipo adaonetsa nawo mu 1879, 1880, 1881 ndi 1886. Mwa ojambula a ku America ndi iwo okha amene adaonetsa nawo pa zionetsero za gululi. Chithunzi cha kamtsikana ka pa mpando chidajambulidwa mu 1878, m'masiku oyambirira a ubwenzi wawo ndi Degas, ndipo iwo eni adalemba m'kalata kuti Degas adaikapo dzanja lake pa mbali ya kumbuyo kwa chithunzicho. Kamtsikanako kagona chotsamira, miyendo ili tang'a, nkhope ikuonetsa kutopa ndi kukhala phee, ndipo pa mpando wina pagona kagalu. Pa nthawi imene ana ankajambulidwa ali chilili ngati zidole, iwo adajambula mwana monga momwe mwana amakhalira akatopa ndi za akuluakulu. Ndidachisankha chifukwa mwana woteroyo ndimamuona tsiku lililonse nthawi ikamayandikira 11 koloko, ndipo sindidafune kuti chifike pakhoma panga chitasalazidwa mpaka kutaya chimene mwini wake adachivutikira.

Ndidapempha kulankhula ndi mwini situdiyo, ndipo apa ndi pamene ndidadziwira mtundu wa anthu amene ndinkachita nawo malonda. Ndidaika foni yanga pambali pa pepala losindikizidwalo n'kuwaonetsa kusiyana kwake. Bamboyo adayang'ana nthawi yaitali osayankha, kenaka adaitana mnyamatayo, osamukalipira pamaso panga, n'kumufunsa zimene adasintha. Atamva, adatembenukira kwa ine nati, “Mayi, talakwa ndife. Tazolowera kuti makasitomala athu amafuna chithunzi chiwale, ndiye sitidafunse. Tibwereza, ndipo inki ikhala yathu.” Ine ndidavomera kulipira pepala latsopano chifukwa ndine ndidapempha kuti asinthe mtundu wake. Ndidaona kuti kugawana kotere n'kwachilungamo, popeza nanenso pa tsiku loyamba sindidanene momveka kuti asasinthe kanthu. Komabe ndikhulupirira kuti wosindikiza ayenera kufunsa asanakhudze chithunzi cha munthu, ndipo ichi ndi chizolowezi chimene situdiyoyi iyenera kuchiphunzira.

Pepala losanyezimira lidalibe m'shopumo, ndipo adachita kuitanitsa ku Lilongwe, mtunda wa pafupifupi makilomita 130. Litafika, mnyamatayo adandiitana kuti ndikakhale naye pa kompyuta, ndipo adayamba ndi kusindikiza tizidutswa tating'ono pa pepala limodzi: kona ya mpando, tsaya la mwana, madzi a m'beseni. Tinkatuluka nato pakhonde kukationa pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa babu la m'katimo limanamiza maso, kenaka tinkabwerera kukasintha pang'ono. Tikugwira ntchitoyi ndidamufotokozera kuti Mayi Cassatt nawonso adali wosindikiza. Chionetsero cha ku Japan chija chitatha, adapanga zithunzi khumi za mitundu pozokota pa zitsulo zamkuwa, chilichonse makope 25, ndipo adazionetsa mu 1891 kwa wogulitsa zojambula wotchedwa Durand-Ruel ku Paris. Inki ankaipaka pa chitsulo ndi manja pa kope lililonse, mothandizana ndi katswiri wosindikiza dzina lake Leroy, ndipo pansi pa zithunzizo ankalemba kuti zasindikizidwa ndi wojambula pamodzi ndi bambo Leroy. Mnyamatayo adakondwera kumva kuti dzina la wosindikiza lidalembedwa pambali pa la wojambula, ndipo ndidaona kuti kuyambira pamenepo ntchitoyo adaitenga ngati yake. Tidataya masana onse, ndipo kawiri konse adandisiya kuti akathandize ofuna zithunzi za ziphaso, koma sadaonetse kutopa nane.

Zotsatira za ulendo wachiwiri zidandikhazika mtima pansi. Chithunzi chilichonse adachisiya chathunthu, ndi malire oyera kuzungulira, ndipo mapazi a burashi pa mipando ija akuoneka munthu akayandikira. Khungu la mwana wosamba lidatuluka ndi mithunzi yake yofewa, ndipo mizere ya diresi ikusiyana bwino. Chimene chidatuluka bwino koposa ndi The Boating Party, chimene chidajambulidwa ku Antibes, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, pakati pa 1893 ndi 1894. Bwato lake ndi lachikasu chowala, madzi ndi a buluu wolimba, mayi wanyamula khanda pamiyendo, ndipo kutsogolo kuli mwamuna wovala zakuda amene watipatsa msana akupalasa. Mitundu yake ndi ikuluikulu, yosasakanizika kwambiri, ndipo makina a situdiyoyi amaitha mitundu yotere. Pamene makinawo adafooka ndi pa malaya a wopalasayo: pa chithunzi chenicheni muli buluu wobisika m'kati mwa mdimawo, koma pa pepala langa malayawo ndi akuda bii, ndipo mapindiko a nsalu adasowa. Mnyamatayo adayesa katatu n'kundiuza moona kuti makina awo safika pamenepo. Ana a pasukulu panga sadandaula nazo; amene adapitako ku Nkhotakota amauza anzawo kuti ndi nyanja yathu, ndipo amakangana ngati khandalo likuopa madzi kapena likufuna kutsika.

Za mafulemu ndili ndi zoyamikira zambiri. Kalipentalayo adandionetsa matabwa a paini ndi a mlombwa, nandiuza mosabisa kuti paini ndi wotsika mtengo koma sachedwa kugwidwa ndi chiswe ngati khoma lili ndi chinyezi. Ndidasankha mlombwa, ndipo adaupala bwino n'kuupaka vanishi wosawala kwambiri, kotero kuti mtundu wa thabwalo sukulimbana ndi chithunzi. Pakati pa galasi ndi pepala adaikapo katoni yoyera yodulidwa pakati, kuti pepala lisamamatire ku galasi nyengo ya dzinja, ndipo kumbuyo adatseka ndi hadibodi n'kumata tepi m'mbali monse. Amene amadziwa fumbi la ku Kasungu m'mwezi wa Okutobala amvetsa chifukwa chake tepiyo ndi yofunika. Fulemu imodzi idabwera ndi mpata pakona, woti chikhadabo n'kulowa, ndipo nditamuonetsa adaimasula n'kuikonza tsiku lomwelo. Chimene chidandivuta ndi galasi. Ali ndi galasi wamba lokha, limene limabweza kuwala ngati kalilole, kotero kuti phindu lina la pepala losanyezimira lija lidatayika, ndipo ndidachita kusamutsa zithunzi kuchoka pakhoma loyang'anizana ndi zenera. Komanso m'chipinda cha ana aang'ono galasi ndi chinthu choopsa. Ndidafunsa za pulasitiki yoonekera imene ena amaika m'malo mwa galasi, koma adati sasunga. Choncho ndidazipachika m'mwamba kuposa momwe ndinkafunira, ndipo ana amachita kukweza khosi.

Dandaulo langa lalikulu ndi la nthawi. Adandilonjeza sabata imodzi, koma ntchito yonse idatenga masabata atatu. Zina mwa zifukwa zake n'zomveka: kubwereza kuja, kudikira pepala, ndi masiku amene magetsi adazima kuyambira m'mawa. Chimene sindidamvetse ndi kusandiimbira foni. Nambala yanga adali nayo, koma kawiri ndidakwera kabaza kupita kumeneko pa tsiku limene adanditchulira, n'kukapeza kuti palibe chachitika. Uthenga umodzi wa pa foni ukadandipulumutsira ndalama ndi nthawi imene ndidasiya ana m'manja mwa wondithandiza. Lisiti nalonso sapereka pokhapokha munthu atapempha, ndipo kwa ife amene timalemba ndalama za sukulu m'buku, limeneli si vuto laling'ono. Pa malipiro, amalandira theka poyamba ndi theka potenga katundu, ndipo amalola Mpamba ndi Airtel Money. Mtengo wosindikiza ndidauona kuti ndi woyenera. Chimene chidakweza ndalama ndi mlombwa ndi galasi, moti fulemu iliyonse idadya zambiri kuposa chithunzi chimene chili m'kati mwake.

Ndidawapatsanso kantchito kena, kotaipa ndi kumata m'pulasitiki mbiri yachidule ya wojambulayu m'Chichewa, kuti makolo obwera kudzatenga ana aziwerenga. M'menemo ndidalemba kuti mu 1877 makolo awo ndi mkulu wawo Lydia adasamukira ku Paris kukakhala nawo, ndipo Lydia, amene amaoneka pa zithunzi zawo zambiri, adamwalira mu 1882. Ndidalembanso kuti pa chionetsero cha dziko lonse lapansi cha ku Chicago mu 1893 adajambula chithunzi chachikulu cha pakhoma m'nyumba yoonetseramo ntchito za amayi, chosonyeza akazi akuthyola zipatso za nzeru, chimene chidasowa nyumbayo itagwetsedwa. Kuti mu 1894 adagula nyumba ya kumudzi yotchedwa Beaufresne ku Le Mesnil-Théribus. Ndi kuti mu 1904 boma la France lidawapatsa ulemu wa Légion d'honneur. Ngakhale adakhala kunja, dziko lawo sadaliiwale. Ankalangiza anthu achuma a ku America zojambula zoti agule, makamaka mnzawo Louisine Havemeyer, ndipo zambiri mwa zimene banja la Havemeyer lidagula zili lero ku Metropolitan Museum of Art ku New York. Mu 1915 zithunzi zawo zidaonetsedwa ku New York pa chionetsero chothandiza kuti akazi apatsidwe ufulu wovota. Pofika nthawi imeneyo matenda a shuga ndi ng'ala zidali zitawafooketsa maso mpaka adasiya kujambula, ndipo adamwalira ku Beaufresne pa 14 Juni 1926. Pa kantchito aka situdiyo idalakwitsa dzina la Cassatt, idalemba ndi t mmodzi kumapeto, ndipo timizere ta pamwamba pa zilembo za Chifalansa tidasowa. Adakonza nditawaonetsa, koma ndikulangiza aliyense kuti awerenge yekha pa kompyuta asanalole kuti asindikize, chifukwa pepala likamatidwa m'pulasitiki silikonzekanso.

Funso limene makolo amandifunsa kawirikawiri akawerenga pepalalo ndi lakuti mayi ameneyu adali ndi ana angati. Ndikawauza kuti sadakwatiwe ndipo sadabereke, ambiri amabwerera ku chithunzi cha beseni kukayang'ananso. Mayi wina, amene ndi namwino, adaima nthawi yaitali n'kunena kuti wojambulayo adaonetsetsa ndithu, chifukwa kadzanja ka mwanayo katsamira pa bondo la mayi monga momwe ana amachitira madzi akawakhudza kuphazi. Kadzanja kameneko pa kusindikiza koyamba kadali katasalazidwa mpaka zala zidangolumikizana, ndipo ndi pa kusindikiza kwachiwiri pamene kadaonekanso.

Kwa amene akufuna kukuza chithunzi cha ukwati kapena kuika satifiketi m'fulemu, situdiyoyi ndi yokwanira popanda mawu ena, ndipo kalipentala wawo ndi mmisiri weniweni. Kwa amene akufuna kusindikiza zojambula za penti, ndi yodalirika ngati munthu anena zinthu zitatu pa tsiku loyamba: kuti asadule chithunzi, kuti asasinthe mitundu, ndi kuti ayambe asindikiza kachidutswa koyesera. Apemphenso pepala losanyezimira msanga kuti liitanitsidwe nthawi ilipo, ndipo asakwere kabaza asanaimbe foni. Ine ndabwererako kale ndi ntchito ina. Ndawapatsa chimodzi mwa zithunzi khumi za mu 1891 zija, chotchedwa In the Omnibus, chosonyeza amayi awiri ndi khanda ali m'ngolo yonyamula anthu ya mumzinda wa Paris, ndipo mwini situdiyo wandiuza kuti mapepala amene adatsala pa paketi ija adandisungira m'kabati.